Wodwala sitiroko asamwetsedwe phala asanayezedwe kumeza

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tinenepo za chisamaliro cha odwala sitiroko m'zipatala zathu. Nkhaniyi ikabuka, aliyense amathamangira kudandaula za kusowa kwa makina a CT ojambula mkati mwa mutu, ndipo dandaulolo n'loona. Koma pali imfa zambiri zimene gwero lake si makina ayi. Zimachokera ku phala lolowa m'mapapo, thupi lotentha losayezedwa, shuga woiwalika, zilonda za pabedi ndi BP yogwetsedwa mwaphuma. Zonsezi chipatala cha boma chilichonse chingathe kuzipewa ndi zipangizo zimene chili nazo kale.

Sitiroko ili mitundu iwiri. Wina umadza pamene magazi oundana atseka mtsempha wa mu ubongo, ndipo umenewu ndiwo wochuluka. Winawo umadza mtsempha ukaphulika magazi n'kukhuthukira mu ubongo. Kuno ku Africa mtunduwu umapezeka kwambiri kuposa kumaiko a azungu, chifukwa BP ya anthu ambiri imakhala zaka osaigwira. Kunja mitundu yonseyi imaoneka chimodzimodzi: pakamwa papotoka, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zafooka, lilime lalemera. Palibe dokotala angaisiyanitse motsimikiza ndi maso okha. CT ndiyo imaonetsa magazi mu ubongo m'mphindi zochepa, koma makinawo ali kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, komanso kuzipatala zina zolipira. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa aspirin amene amathandiza mtundu woyambawo angaonjezere kukha kwa magazi pa wachiwiriwo. Choncho achibale asapatse wodwala aspirin kunyumba. CT ikaonetsa kuti mulibe magazi, ndi pamene amayamba 300 mg patsiku kwa masabata awiri, kenako n'kutsikira ku 75 mg.

Wodwala akangofika, funso loyamba likhale lakuti: munamuona komaliza ali bwinobwino nthawi yanji? Yankho lake lilembedwe m'buku la kuchipatala, ola ndi mphindi. Ngati wadzuka m'mawa ali wofa ziwalo, nthawi imawerengedwa kuyambira pamene anakagona. Mankhwala osungunula magazi oundana, alteplase, amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka, CT itachitika, BP ili pansi pa 185/110. Kwathu kuno ndi ochepa kwambiri amene amawapeza, komabe nthawiyo ndiyo imauza wa pachipatala chaching'ono kuti ambulansi inyamuke pompo, osadikira kuti kuche.

Chachiwiri ndi kubaya chala kuti ayeze shuga. Shuga akatsika kufika pansi pa 4 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa makina ena, munthu amatha kufooka mbali imodzi ndi kulankhula zosamveka ngati wa sitiroko weniweni, makamaka amene amamwa mankhwala a shuga a glibenclamide kapena kubaya insulin. Ameneyo akalandira glucose amatsitsimuka pakanthawi kochepa. Shuga akakwera kudutsa 10 mmol/L amaononganso ubongo wovulalawo. Diripi ya wodwala sitiroko ikhale ya madzi a mchere (normal saline), osati ya madzi a shuga (dextrose 5%) yokhayokha, chifukwa imeneyi imaonjezera kutupa kwa ubongo.

Pa BP ndi pamene timalakwitsa kwambiri, ndipo timalakwitsa ndi mtima wofuna kuthandiza. Makina akaonetsa 200/110, aliyense amachita mantha, wina n'kutenga nifedipine, mankhwala otsitsa BP, kumuika pansi pa lilime. Chizolowezi chimenechi chitheretu. Mbali ya ubongo yozungulira pamene patsekekapo imakhala ikupuma ndi timagazi tochepa todzera m'timitsempha ta m'mbali, ndipo BP yokwerayo ndiyo imatikankha. Mukaigwetsa mwadzidzidzi, mbali imene ikanapulumuka imafa, wodwala amene madzulo amagwedeza zala m'mawa n'kupezeka sakugwedezanso. Ngati mtsempha watsekeka, BP simuikhudza m'masiku oyamba pokhapokha itadutsa 220/120, ndipo ngakhale apo imatsitsidwa pang'onopang'ono, osaposa 15 peresenti tsiku loyamba. Ngati CT yaonetsa magazi, nambala ya pamwamba imatsitsidwa kufika cha m'ma 140, namwino akuyeza pafupipafupi.

Tsopano za kumeza, zimene tazilembera kalatayi. Pafupifupi theka la odwala sitiroko amavutika kumeza m'masiku oyamba. Gadiyani, poona mayi ake sanadye kuyambira dzulo, amawatsamiritsa pamwendo mutu uli chagada n'kuyamba kuwathira phala kapena thobwa ndi supuni. Ndi chikondi chimenecho, palibe angamudzudzule, chifukwa palibe amene wamuuza. Koma khosi likafooka, phalalo limalowera njira ya mpweya, nthawi zina wodwala osatsokomola n'komwe. Pakapita masiku awiri kapena atatu thupi latentha, chifuwa chikulira, chibayo chayamba.

Kuyeza kwake sikufuna ndalama. Wodwala asalandire kanthu pakamwa, ngakhale mapiritsi, mpaka namwino atamuyeza. Akhale tsonga, ali maso, akutha kumeza malovu ake. Apatsidwe supuni yaing'ono ya madzi oyera, katatu, ndipo pakumeza kulikonse anene "aaa". Akatsokomola, akatsamwa, madzi akamatuluka m'mbali mwa kamwa, kapena mawu akamamveka ngati a munthu wochukucha, lekerani pomwepo. Akapambana, amwe madzi okwana 50 ml m'kapu. Wolephera aikidwe chubu cha m'mphuno pasanathe maola 24, ndipo zitsimikizike kuti chafika m'mimba asanathire chakudya. Pomudyetsa mutu ukhale m'mwamba, ndipo akhalebe choncho mphindi 30 atatha. M'kamwa mutsukidwe kawiri patsiku, chifukwa zotsalira m'tsaya lakufalo ndizo zimaweta tizilombo ta chibayo. Kuyezaku kubwerezedwe tsiku ndi tsiku. Ambiri kumeza kumabwerera pakatha sabata imodzi kapena awiri.

Kutentha thupi kuyezedwe kanayi patsiku. Kukadutsa 37.5, paracetamol aperekedwe, gwero lake lifufuzidwe: malungo, chifuwa, mkodzo. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 2011 anaonetsa kuti mawodi amene anamwino ankatsata ndondomeko ya zinthu zitatuzi, kutentha thupi, shuga ndi kumeza, anachepetsa imfa ndi kulumala popanda makina atsopano alionse.

Wodwala atembenuzidwe maola awiri alionse, usiku womwe, ndipo gadiyani aonetsedwe poyang'ana: kumunsi kwa msana, m'chiuno ndi kuzidendene. Pakafiira posabwerera mukadina ndi chala, chilonda chayamba. Pomudzutsa asakokedwe dzanja lakufalo, chifukwa phewa limaguluka n'kumupweteka miyezi. Dzanjalo litsamire papilo. Paipi ya mkodzo isaikidwe chabe pofuna kuti zofunda zisanyowe. Mafizo ayambe pakadutsa tsiku loyamba, pang'onopang'ono koma kawirikawiri: kukhala m'mphepete mwa bedi, kupinda ndi kutambasula mfundo, kenako kuima. Malo a mafizo ngati Kachere ku Blantyre sangalandire aliyense, ndiye gadiyani aphunzitsidwe mafizowo wodwala asanatuluke.

Asatulukenso chifukwa cha sitirokoyo chisanafufuzidwe. Kugunda kwa mtima kumvedwe padzanja, ndipo ECG, yojambula kagundidwe ka mtima, ichitike pamene ilipo, pakuti mtima wogunda mosalongosoka umaponya magazi oundana ku ubongo ndipo aspirin yekha sakwanira. Ayezedwe HIV ndi chindoko, makamaka wachinyamata. Kafukufuku wa pa Queen Elizabeth wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti BP ndi HIV ndizo zikuluzikulu zobweretsa sitiroko kwa akuluakulu a m'Malawi, ndipo chiopsezo chimakula m'miyezi 6 yoyamba munthu atayamba ma ARV. Izi sizikutanthauza kuti asiye mankhwala ayi, koma kuti ayambe msanga chitetezo chisanatsike. Mwana wogwidwa sitiroko ayezedwe matenda a magazi a sickle cell. Ndipo munthu amene pakamwa panapotoka kwa mphindi khumi n'kubwerera asauzidwe kuti wachira: sitiroko yaikulu imakonda kutsatira m'masiku awiri oyambawo.

Mankhwala a BP, kaya ndi amlodipine, hydrochlorothiazide (HCT) kapena enalapril, ndi a moyo wonse, osati mpaka botolo lithe. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa.

Pempho lathu ku Unduna wa Zaumoyo ndi ili: chipatala chilichonse cha boma chipatule mabedi anayi kapena asanu ndi limodzi a odwala sitiroko pafupi ndi tebulo la anamwino, pakhale makina a BP, choyezera kutentha thupi ndi choyezera shuga chokhala ndi timapepala take. Pabedi lililonse papachikidwe pepala limodzi lolembapo nthawi imene matenda anayamba, zotsatira za kumeza, ndi maola otembenuza wodwala, lolembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti gadiyani azitha kuliwerenga ndi kuchongapo yekha.

Ife anu,
Anamwino, madokotala ndi a mafizo okhudzidwa