Kumasula nduna za adani mu Mount & Blade kuli ndi phindu, koma amalipira ndi ena

Akonzi,

Ndiloleni ndipereke maganizo anga pa mkangano umene sukutha pakati pa okonda masewera a pakompyuta a Mount & Blade, wokhudza zoyenera kuchita ndi nduna ya adani imene yagwidwa pankhondo. Ena amati nduna yotereyi iyenera kumasulidwa pomwepo kuti ubale ukule, ndipo akafuna kutseka pakamwa anzawo amakumbutsa kuti kupatsa nkuika. Ena amati kumasula munthu amene wangokuphera asilikali ndi kupusa, ndipo iwo amayankha kuti chifundo chidapha nkhwali. Ine ndili kumbali ya omasula, ngakhale kuti si nduna iliyonse imene ndingaimasule, koma chimene chandilembetsa kalatayi nchakuti mbali zonse ziwiri zimawerengera phindu ndi kutaya kwa wosewera yekha, osafunsa kuti mtengo wa chifundo chimenechi umagwera ndani.

Kwa owerenga amene sadawaonepo, masewerawa adapangidwa ndi kampani ya TaleWorlds ya ku Ankara m'dziko la Turkey. Gawo lotchedwa Warband lidatuluka mu 2010, ndipo lotsatira lake, Bannerlord, lidayamba kugulitsidwa lisanamalizidwe mu 2020 nkudzamalizidwa mu 2022. Nkhani yake imachitikira m'dziko longopeka la Calradia, m'nyengo ya malupanga, mauta ndi akavalo. Wosewera amayamba ali munthu wamba, amalemba anyamata m'midzi kuti akhale asilikali ake, amatumikira mfumu imodzi mwa mafumu olimbirana dzikolo, ndipo akakula mphamvu angathe kudzipangira ufumu wakewake. Mu Warband muli maufumu asanu ndi umodzi, monga Swadia ya Mfumu Harlaus ndi Nord ya Mfumu Ragnar, ndipo ufumu uliwonse uli ndi nduna zake zimene zili ndi midzi, malinga ndi magulu a asilikali.

Nkhondo ikatha, nthawi zambiri nduna yogonja imathawa. Ikagwidwa, imaimirira pamaso pa wosewera nkunena kuti moyo wake uli m'manja mwake, ndipo pamenepo pamakhala mayankho awiri okha: kuiuza kuti tsopano ndi mkaidi, kapena kuiuza kuti yamenya bwino nkhondo ndipo ingathe kupita. Mu Warband, yankho lachiwirili limakweza ubale wa wosewera ndi ndunayo ndi mapointi 5, ndipo ulemu wake umakwera ndi mapointi 3, pomwe kuitenga ukaidi kumatsitsa ubale wake ndi ndunayo komanso ndi ufumu wake wonse. Popeza ubale umayezedwa kuyambira pa -100 kufika pa 100, mapointi 5 amaoneka ochepa, makamaka tikawayerekeza ndi dipo la madenari (ndalama za m'masewerawa) masauzande angapo limene anthu a ndunayo amadzapereka kuti aiwombole. Nchifukwa chake wosewera amene wangoyamba kumene, amene sabata iliyonse amasowa malipiro a asilikali ake apakavalo, sangadzudzulidwe akasankha ndalama.

Phindu la kumasula limaonekera mochedwa. Tsiku limene wosewera walanda linga nkulengeza ufumu wake, amapeza kuti maufumu onse amuyang'ana ndi diso lofiira, ndipo sangateteze malo ambiri ndi gulu limodzi la asilikali. Amasowa nduna zoti zimugwadire, ndipo nduna zimene zimamvera msanga pempho loti zisiye mfumu yawo ndi zomwe zija adazimasula kangapo m'mbuyomo. Ngakhale ufumu usanabwere, nduna ya adani imene ili naye paubale wabwino ikamupeza panjira ali ndi asilikali ochepa, angathe kuipempha kuti asamenyane, ndipo nthawi zina imamulola kupita. Ulemu nawonso umagwira ntchito wosewera ali mtulo, chifukwa nduna zamtima wabwino ndi zoongoka zimayamba kumukonda ngakhale zisanakumane naye, pongomva mbiri yake. Mu Bannerlord phindu lake ndi lokulirapo, pakuti ubalewo umafikira banja lonse la ndunayo, luso la wosewera lokopa anthu limakwera nthawi iliyonse akamasula nduna, ndipo banja limene limamukonda silivuta kulinyengerera kuti lisamukire mu ufumu wake.

Komabe amene amamasula nduna iliyonse mosasankha sanawamvetse bwino masewerawa. Warband idapatsa nduna iliyonse khalidwe lake: pali zankhondo zolemekeza malamulo a nkhondo, zoongoka, zamtima wabwino, zochenjera, zandewu, zouma mtima ndi zankhanza. Nduna yandewu kapena yankhanza imaona kumasulidwa ngati chipongwe, ndipo mukadzakumananso imakunyogodola kuti udaimasula pofuna kudzitama ndi manyazi ake. Choipa kwambiri nchakuti nduna zoterezi, ngakhale zitalowa mu ufumu wako, zimachita nsanje nthawi iliyonse ukapereka mudzi kapena linga kwa mnzawo, mpaka ubale umatsika ndipo zimadzathawira kwa adani. Palibe chifukwa chogulira ubale umene sudzakupindulira, choncho nduna yotere ndi yoyenera kutsekeredwa m'linga lokhala ndi nsanja ya akaidi, kuti isathawe msanga, mpaka dipo litabwera. Dipo likabwera ndi bwino kulilandira, chifukwa kulikana kumatsitsa ulemu. Ndingawonjezenso kuti mkulu wa nkhondo wa adani, amene amasonkhanitsa nduna zonse kuti zikazinge mzinda, sayenera kumasulidwa nkhondo ili pakati ngakhale akhale wamtima wabwino chotani.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani yanga. Nduna yomasulidwa siipita kwawo kukapuma. Imabwerera ku linga lake, imalemba asilikali atsopano, ndipo pakangopita masiku ochepa imakhala yayambanso kuyendayenda m'malire. Popeza gulu lake limakhala laling'ono ndi losazolowera nkhondo, silingalimbane ndi wosewera kapena kuzinga linga, motero limapita kumene kulibe chitetezo, ndiko kumidzi. Amene wasewerapo akudziwa mmene zimaonekera pamapu: utsi ukufuka pamudzi, ndipo ukafikapo palibe woti ungamulembe usilikali, palibe chakudya chogula, msonkho sutuluka, ndipo chuma cha mudziwo chimatenga nthawi yaitali kuti chibwerere mwakale. Wosewera wapeza mapointi ake 5, nduna yapeza ufulu wake, ndipo alimi amene sadafunsidwe kanthu ndiwo alipira. Olemba masewerawa adaidziwa mfundo imeneyi, chifukwa adaika m'kamwa mwa nduna zina za mbali ya wosewera mawu onyoza akuti akazi amasiye ndi ana amasiye amene mdani womasulidwayo adzawasiye m'njira mwake adzabwera kudzathokoza okha. Koma mawuwo amangodutsa, ndipo mudzi wootchedwawo susunga mlandu pa amene adamasula wootchayo.

Kusiyanaku kumaonekeranso pa akaidi wamba. Nduna imalankhulidwa mwaulemu nkupatsidwa mpata wopita, pomwe asilikali ake amene adagwidwa nayo limodzi amakokedwa kupita kunyumba zomwera mowa kukagulitsidwa kwa amalonda a dipo. Mumzinda wa Tihr muli wogula akapolo wotchedwa Ramun, amene amapereka madenari 50 pa munthu aliyense mosayang'ana udindo wake, ndipo sabisa kuti ambiri amakathera kopalasa zombo. Wosewera angathe kugulitsa anthu mazanamazana kwa Ramun mbiri yake ya ulemu ili chikwerere, malinga ngati akupitiriza kumasula nduna.

Sindikunena kuti apa masewerawa anama, chifukwa mbiri yeniyeni ya nthawi imeneyo idali yotero ndithu. Ulemu wa pankhondo udali pangano la pakati pa anthu apamwamba okhaokha, ndipo udali wolukana ndi ndalama. Mfumu Richard I ya ku England itagwidwa ndi Leopold wa ku Austria mu 1192 pobwerera kunkhondo ya ku Dziko Loyera, idaperekedwa kwa Mfumu Henry VI ya ku Germany, imene idalamula dipo la mamaki (muyeso wa siliva wa nthawiyo) 150,000. Kuti ndalamazo zipezeke, anthu a ku England adakhometsedwa msonkho wa gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma chawo, matchalitchi adapereka ziwiya zasiliva ndi zagolide, ndipo Richard adamasulidwa mu February 1194. Ngakhale ulemu wa anthu apamwambawo unkatha pamene zinthu zathina: pa nkhondo ya Agincourt mu 1415, Henry V, mfumu ya ku England, adalamula kuti akaidi a ku France aphedwe poopa kuti angatolenso zida, ndipo Charles wa ku Orléans, amene adapulumuka tsikulo, adasungidwa ku England zaka 25 chifukwa adali wofunika kwambiri kuti angomasulidwa.

Pamene masewerawa apatuka pa mbiri ndi pa nkhani ya lumbiro. M'nthawi imeneyo munthu wapamwamba sankamasulidwa chimasulire ayi. Ankalumbira kuti adzalipira dipo, kapena kuti sadzanyamulanso zida polimbana ndi womumasulayo, ndipo nthawi zambiri ankasiya ana kapena abale ake ngati chikole. Mfumu John II ya ku France, imene idagwidwa ndi Angerezi pa Poitiers mu 1356, idabwerera kwawo pambuyo pa pangano la Brétigny la mu 1360, limene lidaika dipo lake pa ndalama zagolide mamiliyoni atatu. Mwana wake Louis wa ku Anjou, amene adali mmodzi mwa achikole, atathawa, mfumuyo idabwerera yokha ku England ndipo idamwalirira ku London mu 1364. Olemba mbiri amatsutsana pa zifukwa zake zonse, koma nkhaniyi ikuonetsa kulemera kumene lumbiro lidali nako. Mu Calradia mulibe zimenezi. Nduna imathokoza, imachoka, ndipo palibe chimene yalonjeza.

Chotsatira chake nchakuti kumasula kwasanduka ulimi wa mapointi. Wosewera wochenjera amasankha nduna imodzi imene akuifuna mu ufumu wake, amaigonjetsa, amaimasula, amadikira kuti ibwere ndi anyamata ongolembedwa kumene amene sadziwa nkugwira mkondo komwe, amawapha onsewo, nkuimasulanso, mpaka ubale utafika pamene akufuna. Ndunayo imakhala bwenzi lapamtima la munthu amene waithera asilikali mobwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse mphoto yake imakhala yofanana ndi ya ulendo woyamba. Sindikhulupirira kuti alipo munthu wolemekezeka, wakale kapena wa lero, amene mtima wake ungayende motero, ndiponso anthu ake a ndunayo sakadapitiriza kuikhulupirira. Mfumu Romanos IV ya ku Byzantium idagwidwa ndi Alp Arslan, mfumu ya Aturuki, pa Manzikert mu 1071, idasamalidwa bwino nkumasulidwa patangopita masiku ochepa, koma kwawo idapeza italandidwa mpando, ndipo mu 1072 adani ake a kwawo komweko adaikolowola maso. Nduna za mu Mount & Blade zingamasulidwe kangati konse popanda mnzawo wozikayikira kuti mwina zagwirizana ndi mdani.

Bannerlord idawonjeza njira yachitatu imene mu Warband mudalibe, yakupha nduna yogwidwa. Chilango chake ndi chachikulu, chifukwa ubale umagwa kwambiri ndi banja la wophedwayo ndi abwenzi ake, ndipo mbiri ya ulemu ya wosewera imaipa. Chilangochi nchomveka, koma chimasiya wosewera pakati pa njira ziwiri zotalikirana kwambiri: kumasula munthu amene akudziwa kuti mawa akaotcha mudzi, kapena kudedwa ndi theka la dziko. Chimene ndikadakonda TaleWorlds itaika ndi njira yomasula pa lumbiro, kuti nduna ilonjeze kusalowa m'dera la wosewera kwa nthawi yoikika, ndipo kusunga kapena kuswa lonjezolo kudalire khalidwe lake. Pamenepo makhalidwe aja a nduna akadakhala ndi ntchito yeniyeni, midzi ikadapeza mpumulo, ndipo mphoto ya ubale ikadayenera kuchepa ulendo uliwonse munthu yemweyo akamasulidwanso.

Njira imeneyi ili ndi chitsanzo chake m'mbiri. Saladin, mtsogoleri wa Asilamu, atagonjetsa ankhondo achikhristu pa Hattin mu 1187, adabweretsa m'hema wake akaidi awiri akuluakulu, Mfumu Guy wa ku Lusignan ndi Raynald wa ku Châtillon. Guy adapatsidwa madzi ozizira nkusiyidwa ndi moyo, koma Raynald, amene adaswa pangano la mtendere pofunkha apaulendo amalonda, adaphedwa pomwepo. Guy adamasulidwa mu 1188 atalumbira kuti sadzamenyananso ndi Saladin, koma atsogoleri a mpingo adamumasula ku lumbirolo, ndipo mu August 1189 adayamba kuzinga mzinda wa Acre, umene udagwa mu 1191. Anzanga okonda mwambi wa nkhwali angatenge nkhaniyi ngati umboni wawo, ndipo sindingawakanize. Ine ndikuonamo dongosolo limene masewerawa akusowa: womasulidwa amamangidwa ndi mawu ake, ndipo akawaswa, tsiku limene wagwidwanso womugwirayo ayenera kukhala ndi ufulu womuchita zimene Saladin adachita kwa Raynald popanda kutaya ulemu pamaso pa nduna zina.

Ine wowerenga nyuzipepala yanu,
ku Zomba