Kwa a Nduna ya Zofalitsa Nkhani: filimu ya Kamuzu ija ndi theka chabe

Olemekezeka a Nduna,

Pepani kuti ndakulemberani poyera chonchi, ku ofesi kwanu ine sindingafikeko komanso nkhani yake si yachinsinsi. Sabata yathayi ndinaonera dokyumentale ina ya moyo wa Ngwazi Dr Hastings Kamuzu Banda, tinaonera limodzi ndi azakhali anga omwe anavinako ngati mbumba nthawi imeneyo, ndiye chichokereni tsiku limenelo nkhaniyi ikungondizungulira m'mutu. Amene anaikonza sindiwatchula, sindikufuna kuyambana ndi munthu, ndipo vuto lake si la iwo okha ayi.

Zabwino ndiyamikire kaye. Ulendo wa mkuluyu anaufotokoza bwino kwambiri, mnyamata wa ku Kasungu kuyenda wapansi mpaka ku Hartley ku Southern Rhodesia, kenako kumigodi ku Joni, 1925 n'kukwera sitima ya pamadzi wa ku America, sukulu ku Wilberforce ndi ku Chicago, udokotala ku Meharry mu 1937, kukawonjezeranso ku Edinburgh, kugwira ntchito ku Liverpool, London mpaka ku Kumasi ku Ghana, kenako 6 July 1958 n'kutera pa Chileka atatha zaka zoposa 40 ali kunja. Azakhali anaombera m'manja pamenepo ngati ali pa bwalo la ndege pompo. Za 3 March 1959, kumangidwa, ndende ya Gwelo, kutuluka mu April 1960, kuphwasula chitaganya, zonsezo zinalimo ndipo palibe wokana kuti munthuyu anali wolimba mtima. Kungoti tsiku lobadwa anangoti 14 May 1906 ngati nkhani yotha kale, chonsecho akatswiri ambiri a mbiri amati anabadwa cha m'ma 1898, koma zimenezo tizisiye.

Vuto linayamba titangodutsa 1964. Kuchoka pamenepo filimu yonse inasanduka magule basi, Kamuzu ndi chipewa chake, suti ya mapisi atatu, litchowa m'manja, kuyendera mbewu m'minda, kudula riboni. Yunivesite ya Malawi 1965, likulu kusamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe 1975, Kamuzu Academy ku Mtunthama 1981, msewu wa m'mbali mwa nyanja. Zoona zonsezo, ndipo ena timayenda pa misewu yomweyo mpaka lero. Koma pa chithunzi china cha amayi akuvina mu stediyamu azakhali anangoti "imitsa kaye", anayandikira sikirini kufufuza nkhope yawo, sanaipeze, kenako anayamba kundiuza kuti asanafike pa bwalopo ankakwezedwa pa lole, kugona pansi m'kalasi masiku angapo akuyeserera nyimbo, mwana wamng'ono atamusiya kwa apongozi, ndipo kukana kunalibe. Ananenanso okha kuti ena ankapita mokondwa ndithu chifukwa inali nthawi yokhayo yoonako tauni. Chitenje cha nkhope ya Kamuzu akadali nacho pansi pa sutikesi, samachivala komanso safuna kuchitaya. Mphindi zisanu zomwe analankhula azakhalizo zinandiphunzitsa zambiri kuposa ola lonse la filimuyo.

Ndiye mfundo yanga ndi iyi a Nduna. Nthawi ya Kamuzu dziko lino linalibe wayilesi ya kanema, TV yathu inayamba mu 1999 mwini wake atamwalira kale mu November 1997. Kamera yomwe inkajambula inali ya boma, kujambula zomwe boma likufuna, ndipo kuyambira 1968 kunali bungwe lounika mabuku ndi mafilimu lomwe linkaletsa chilichonse chosakomera. Tsono munthu akamakonza dokyumentale lero n'kungotola zithunzi zakalezo osafunsa kuti anajambula ndani, ndiye kuti akungotionetsanso Kamuzu momwe Kamuzuyo ankafunira kuti tizimuonera. Ku Mikuyu kunalibe kamera. Pa geti la msika pomwe anyamata ankaimitsa anthu kufunsa khadi la chipani panalibe wojambula. A Mboni za Yehova, omwe analetsedwa mu 1967 n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique anthu zikwizikwi mu 1972 chifukwa chokana kugula khadilo, palibe filimu ya boma yomwe inawatsatira.

Mkangano wa nduna wa 1964 anaudutsa ndi chiganizo chimodzi, akuti panali kusamvana pang'ono. Kusamvana pang'ono eti? Patangotha miyezi iwiri tilandire ufulu Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa, Masauko Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani n'kutula pansi maudindo, ndipo ena mwa anthu amenewa ndi omwe anamuitana Kamuzu kuti abwere kudzatsogolera. Chipembere anakafera ku America mu 1975. Mayi Rose Chibambo, omwe lero tili nawo pa K200, anathawa dziko lino n'kukhala kunja zaka pafupifupi 30, pomwe Kamuzu ali pa K1000, awiriwa timawapinda m'thumba limodzi tsiku ndi tsiku koma mwana wa sukulu sangakuuzeni chomwe chinachitika pakati pawo. Orton Chirwa, yemwe anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 Kamuzu ali m'ndende, anagwidwa mu December 1981 limodzi ndi akazi awo a Vera, kuweruzidwa kuti aphedwe ndi khoti la mafumu, ndipo anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Mu filimuyo dzina lake linangomveka kamodzi.

Za ku Mwanza ndiye sanazikhudze n'komwe. May 1983, a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, nduna zitatu ndi phungu mmodzi, anapezeka atafa, anthu anauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto pa msewu wa ku Thambani. Komiti yofufuza ya a Justice Michael Mtegha itakhazikitsidwa mu 1994 inapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Ndipo kuti ndisakondere, khoti linamupeza Kamuzu wosalakwa pa mlanduwo mu December 1995, zimenezonso ziyenera kunenedwa momveka bwino, woonera aziweruza yekha. Chondidabwitsa china n'choti pobisa zoipazo anabisanso zina zomukomera mwini wake, chifukwa ukapanda kunena za kalata ya maepiskopi ya 8 March 1992, kumangidwa kwa a Chakufwa Chihana ndi riferendamu ya 14 June 1993, ndiye kuvomera kwake kugonja pa chisankho cha 17 May 1994 kumaoneka ngati kanthu kakang'ono, chonsecho atsogoleri ambiri mu Africa muno zinawakanika. Ngakhale kupepesa kwake kwa mu January 1996 sanakuikemo, mwina poopa kuti anthu afunsa kuti ankapepesa chiyani.

Sindikupempha kuti boma likonze filimu ina yomutukwana. Ikakhala yolamulidwa ndi nduna, kaya boma ndi la chipani chanji, idzakhalanso theka lomwelo kungoti mbali inayo, tinaziona kale mayina a malo akusinthidwa pambuyo pa 1994 kenako n'kubwezeretsedwa, manda aulemu ku Lilongwe n'kumangidwa mu 2006, aliyense kumugwiritsa ntchito malemuyu pa kampeni yake. Chomwe ndikupempha n'chakuti mutsegule nkhokwe. Mafilimu akale a dipatimenti yofalitsa nkhani ndi matepi a wayilesi asamutsidwire pa kompyuta asanawonongeke ndi chinyezi, ndipo wophunzira aliyense kapena wokonza mafilimu aziwapeza osagwadira munthu. Lipoti la a Mtegha liikidwe pa intaneti, limasuliridwenso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Mafayilo a anthu omwe anakadandaula ku National Compensation Tribunal, bungwe lomwe linkapereka chipukuta misozi kwa ozunzidwa nthawi ya Kamuzu, eni ake akavomera, akhale poti ofufuza angawawerenge, mugwirizane ndi a National Archives ku Zomba. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndiye pokanira sindikupaona.

Koma chofunika changu kwambiri ndi anthu. Mayi Chibambo anatisiya mu 2016, a Gwanda Chakuamba chaka chomwecho, a John Tembo mu 2023, aliyense wapita ndi zake m'mutu. Atsala ndi omwe anali ma Young Pioneer, oyang'anira ndende, aphunzitsi a kumpoto omwe anabwezedwa kwawo mu 1989, alimi omwe amati nthawi imeneyo feteleza ankapezeka ndipo akuba ankaopa, onsewa ajambulidwe, woyamika ayamike wolira alire, osadula mawu. Sizifuna ndalama zambiri, kamera imodzi ndi achinyamata odziwa kufunsa mafunso basi. Azakhali anga ati mukawatumizira anthu alankhula, chitenje chija achitulutsanso, bola afike m'mawa chifukwa masana amakhala atatopa.

Ndine mzika yanu,
mdzukulu wa mbumba