Lipoti la msonkhano wa mitengo ya mtedza yosinthidwa chibadwa

A Wapampando ndi alimi anzanga a makadamiya,

Ndabwerako kumene munandituma. Nkhani yonse yagona pa kachilombo ka m'dothi kotchedwa Agrobacterium tumefaciens. Kakapeza bala pamtengo kamalowetsa DNA yake, yomwe imasunga malangizo a chibadwa, m'maselo a mtengowo, tsinde n'kuchita chotupa. Akatswiri amachotsa ma gene (tizigawo ta DNA) oyambitsa chotupacho n'kuikamo amene iwo akufuna, kachilomboko n'kungokhala mtengatenga. Ndati ma gene, osati majini a kwa sing'anga, poti wina mu holo muja anafunsadi. Pa mtedza wa walnut njirayi inatheka mu 1988 ku yunivesite ya California ku Davis.

Chimene chinandigwira mtima ndi mtengo wa chestnut wa ku America. Mu 1904 anaona matenda a fangasi pa mitengoyi ku New York, ndipo pomafika cha m'ma 1950 mitengo mabiliyoni inali itauma. Fangasiyo amatulutsa asidi amene amapha khungwa. William Powell ndi Charles Maynard a ku Syracuse anatenga gene ya tirigu yophwanya asidiyo n'kuilowetsa mu chestnut kudzera mwa kachilombo kaja. Ntchito anaiyamba cha m'ma 1990, koma pempho loti boma la America lilole kubzala mtengowo paliponse linakafika mu 2020. Zaka makumi atatu, abale, mwana kubadwa mpaka kumanga banja lake!

Ndiye mu 2023 kunadziwika kuti mitengo imene ankaiyesa m'minda poganiza kuti ndi mtundu wa chestnut wosinthidwa wotchedwa Darling 58 inali ya mtundu wina, Darling 54. Zinasokonekera zaka za m'mbuyo popanda wozindikira. Mu Disembala chaka chomwecho bungwe la American Chestnut Foundation linachotsamo dzanja, likudandaulanso kuti mitengoyo ikukula mokwinimbira. Ine apa ndinakumbuka nazale yathu ija, mmene timasokonezera mbande zomezanitsa tikapanda kulemba mayina pa machubu.

Za makadamiya ndinafunsa kawiri, koma palibe anatilonjeza mbande yotere. Kuno kwathu mbewu zosinthidwa chibadwa zimayendera lamulo la Biosafety Act la 2002, choncho akabwera munthu kudzatigulitsa mbande zimene akuti "zasinthidwa ku labotale", tiyambe tamufunsa chilolezo cha boma.

Ndikupempha komiti kuti pamsonkhano wa mwezi wamawa tisankhe munthu mmodzi wosunga kaundula wa nazale. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa amayi msungichuma.