Kwa a kampani amene munakonza boti langa ku Monkey Bay: ndaimba mafoni mokwana

Bwana Manejala, moni. Ndalemba pano pa tsamba lanu la Facebook chifukwa njira zina zonse zandithera. Foni yanu imangolira. Mauthenga a pa WhatsApp mumawerenga, ndimaona, koma kuyankha ayi. Ku ofesi kwanu ndafikako katatu, ndipo katatu konse ndauzidwa kuti abwana angotuluka kumene. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho musadabwe kuti nkhani ya inu ndi ine ikuwerengedwa ndi anthu.

Kwa amene sakudziwa chiyambi chake: ine ndi mayi a kunyumba titapuma pa ntchito, gawo la penshoni tinagulira boti lakale la injini ziwiri za dizilo, lotalika mamita 11, lokhala ndi chipinda chogona, kakhitchini ndi chimbudzi. Abale ena anati tapenga. Kapena tapengadi. Koma maganizo athu anali oti tikhale m'botimo miyezi itatu, kuchoka ku Monkey Bay kudzera Senga Bay ndi Nkhotakota, kuwolokera ku Likoma ndi Chizumulu, kenako Nkhata Bay, Usisya, Ruarwe mpaka Chilumba. Ndi njira ya Ilala yomweyo, kungoti ife timafuna kuyenda mosathamanga, kugona pamene mtima wafuna. Nyanja yathuyi ndi yotalika makilomita oposa 560, ndipo ku malo ngati Ruarwe galimoto sifika. Chinthu chikakuonongekera kumeneko palibe makaniko wodzera pa msewu. Zonsezi ndinakufotokozerani tsiku loyamba, titakhala pa doko, inu mukulemba m'kabuku kanu ndi kugwedeza mutu.

Tinapangana ntchito zomveka: kutsuka matanki awiri a dizilo, kuika mabatire a lithium ndi sola, kusintha mawaya akale, kuika pampu yopopa madzi olowa m'boti, ndi kuwonjezera tcheni cha nangula. Ndinalipira 70 peresenti mu Febuluwale. Munati masabata 6. Boti munandipatsa kumapeto kwa Juni. Kuchedwako sindinakudandauleni, chifukwa ndani m'Malawi muno sadziwa kuvuta kwa ndalama zakunja? Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kanthu kalikonse kochokera ku South Africa kamabwera mokwawa. Ndinadekha, ndipo yotsalayo ndinamaliza tsiku lomwe munandipatsa makiyi.

Mu Julaye tinati tiliyese kaye pa ulendo waufupi wopita ku Senga Bay. Tinanyamuka m'bandakucha nyanja ili bata, tinadutsa Domwe bwinobwino. Dzuwa litakwera mwera unayamba, monga umachitira miyezi imeneyi. Sunali mwera woopsa, asodzi a mabwato okha ndi amene ankabwerera kumtunda. Boti litayamba kudumpha mafunde, injini ya kumanja inatsokomola kawiri nkuzima. Pasanathe mphindi 20 inayo nayo zii. Amene simunakwerepo boti mudziwe kuti injini ikazima, boti limatembenuka nkupereka nthiti ku mafunde, ndipo limagudubuzika ngati mtsuko wopanda nkhata. Mapoto anagwa, botolo la mafuta ophikira linasweka pansi. Mayi a kunyumba sanakuwe. Anakhala pansi pa khomo la chipinda, atavala jekete yopulumutsira, milomo yokha ikugwedera. Zaka 31 tili pa banja, nkhope imeneyo sindinaionepo.

Nditamasula sefa ya dizilo ndinapeza matope akuda, oterera ngati therere lovunda. Bwana, inu mukudziwa chimene chimachitika. Dizilo akakhalitsa mu thanki, chinyezi chimasanduka madzi pansi pake, ndipo pamalire a madzi ndi dizilo pamaswana tizilombo topanga matope amenewa. Boti likakhala pa doko matopewo amagona pansi, injini nkumalira bwino ngati zonse zili m'malo. Mafunde akatakasa thanki, zonse zimathamangira ku sefa. Ndiye chifukwa chake munthu amatsuka matanki asanapite ulendo wautali, ndipo ndi chifukwa chake ndinakulipirani. Pa invoisi yanu palembedwa kuti matanki awiri atsukidwa. Titafika kumtunda ndinakwawira pansi ndi tochi kukaona zivundikiro zake. Mabawuti onse akadali ndi penti yakale ya mwini boti woyamba, yosang'ambika, sipanala sinakhudzepo. Munatsukira pati? Kapena anyamata anu ali ndi mankhwala olowera mu thanki osatsegula?

Anatipulumutsa ndi asodzi a chilimira amene anatipeza tikukankhidwira cha ku zilumba za Maleri. Anatikoka ndi boti lawo la injini imodzi, maola atatu, osafunsa kuti ndife ayani. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire, anayang'ana boti langa lopentedwa bwino nati, "Bwana, nyanja siona penti." Sindinayankhe. M'mwezi womwewu wa Julaye, mu 1946, sitima ya Vipya inamira kumpoto pafupi ndi Chitimba, anthu 145 anatsikira kulichete, ndipo imeneyo inali sitima yachitsulo, yatsopano. Aliyense wogwira ntchito za pa nyanja ino amaidziwa mbiri imeneyo.

Chichitikireni zimenezi ndinalemba ganyu munthu wina wodziwa magetsi a m'boti kuti aone zonse zimene munagwira. Apa ndiye mutu unaima.

Mabatire a lithium munawalumikiza molunjika ku alternator, chipangizo cha pa injini chopanga moto wotchajira mabatire. Batire la mtundu umenewu likakhala lopanda moto limakoka mphamvu yonse imene alternator ingatulutse, osaipumitsa, mpaka ipse. Pakati pake pamafunika chaja ya DC-DC yochepetsa kukokako. Chaja imeneyo pa invoisi ilipo, mtengo wake ndinalipira, koma m'boti mulibe. Alternator ya kumanzere yapsa kale, ikununkha ngati tayala lowotchedwa. Mawaya ambiri munaika a m'nyumba, a chitsulo chimodzi cholimba, aja timakwirira m'khoma. M'boti injini imanjenjemeretsa chilichonse usana wonse, ndipo waya wotere amathyokera mkati mwa pulasitiki, kunja akuoneka wabwino. Pamafunika wa tingwe tambirimbiri tofewa. Pa waya wamkulu wochoka ku batire palibe fyuzi ngakhale imodzi. Akakhudzana ndi chitsulo usiku tili mtulo, boti la fiberglass limayaka ngati udzu wa mu Okutobala, ndipo pakati pa nyanja palibe kothawira.

Chimene chinandipweteka koposa ndi pampu. Pampu yopopa madzi imayenera kudzuka yokha madzi akakwera, kaya m'boti muli munthu kaya mulibe. Inu munailumikiza kuseri kwa swichi yaikulu. Ndiye kuti usiku ndikazimitsa magetsi kuti ndisunge moto, pampu nayo ndaigoneka. Ndinazindikira izi mmawa wina ku Senga Bay nditaponda m'madzi ofika m'kakolo, atalowera podutsa shafiti ya injini, chitsulo chozungulitsa pulopela, dontho ndi dontho usiku wonse. Ndinakapa ndi chidebe chochapira mbale, ine mkulu wa zaka 63, pampu yatsopano ili poteropo kundiyang'ana.

Zina ndi zazing'ono koma zikuonetsa kuti munangotola zinthu pa shelefu. Tizitsulo toteteza shafiti ndi chiwongolero ku dzimbiri munaika ta zinc, tomwe ndi ta madzi amchere a ku Durban kapena Beira. M'madzi opanda mchere ngati athu zinc imamera chikhungu nkusiya kugwira ntchito, pamafunika magnesium. Tcheni cha nangula tinapangana mamita 50, ndayeza ndi tepi ndapeza 20, kwinako mwalumikiza chingwe cha nayiloni cha kumsika. Nangula amagwira bwino tcheni chikatalika kanayi kapena kasanu kuposa kuya kwa madzi. Ndi mamita 20 ndikaima pati ku Nkhata Bay kapena Usisya, kumene phiri limangopitirira kutsika pansi pa madzi ukangochoka pa gombe?

Ndisakunamizireni pa zimene zinayenda bwino. Kalipentala wanu ndi mmisiri weniweni, makabati ake sanatseguke ngakhale boti linkagudubuzika. Wowotcherera chimango cha sola nayenso ntchito amaidziwa, ndipo firiji ikuzizira ndi dzuwa lokha. Anthu aluso muli nawo. Kungoti ntchito ya magetsi ndi ya matanki munaisiyira anyamata ophunzira, inu osapondako, ndipo mmodzi wa iwo anandiuza yekha, mwaulemu ndithu, kuti ili linali boti lake loyamba, kale lonse ankaika sola m'nyumba za anthu. Mwanayo sindikumuimba mlandu. Amene anasaina invoisi ndi inu.

Sabata yatha munatumiza mnyamata wina pa njinga yamoto kuti adzaone. Anafika wopanda ngakhale sikuludiraiva, anajambula zithunzi ziwiri nkubwerera. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ndikukhulupirira kuti anakakuuzani kuti vuto ndi laling'ono.

Chimene ndikufuna si chachilendo. Mubwere nokha ku Monkey Bay, titsegule matanki pamodzi, atsukidwe ine ndikuona. Chaja imene ndinalipira iikidwe, kapena ndalama yake ibwerere pa mtengo wa lero, osati wa mu Febuluwale. Alternator yopsayo mugule ina. Mawaya a m'nyumba achoke onse, fyuzi ilowe, pampu ikhale ndi waya wakewake wochoka ku batire, ndipo mamita 30 a tcheni otsalawo afike. Za asodzi amene ndinawathokoza ndi petulo ndi kangachepe, zisiyeni, imeneyo ndalipira ndi mtima wonse.

Ndakupatsani masiku 14 kuyambira lero. Akatha ndikatula nkhaniyi ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma lomva madandaulo a ogula, ndi invoisi, malisiti, zithunzi za mabawuti aja ndi lipoti la katswiri amene anaunika. Nthawi yabwino yonyamukira ndi Okutobala, mwera utagona, mpoto ndi mvula zisanayambe. Tikaphonya pamenepo ndiye kuti chaka chonse chapita, ndipo mayi a kunyumba anena kale kuti sakweranso mpaka aone ndi maso awo mkati mwa thanki.

Boti lili pomwe munalisiya. Matope a mu sefa ndawasunga mu botolo la Sobo, alternator ili m'katoni pansi pa tebulo. Nambala yanga muli nayo.