Kwa mwana wanga wokwera mitengo ku Joni

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe kumeneko. Ndalama ya feteleza inafika, Mulungu akudalitse. Chithunzi chako chija, uli lende pamwamba pa jakaranda, mayi ako chinawasowetsa tulo. Ine ndinachikulitsa kuti ndione pamene chingwe chinadutsa, ndipo sindinakondwe: chinali panthambi yowonda, patali ndi thunthu. Ntchito yokwera mitengo ndinaigwira usanabadwe, pothyola mbewu za paini, ndiye tandimvera.

Hanesi (malamba ovala m'chiuno ndi m'ntchafu), makarabina (ngowe zotsekeka zolumikizira chingwe) ndi zokwerera zonse wagulazo zimalendewera pa chinthu chimodzi chimene sunagule m'sitolo, nthambi. Ukaponya kachingwe ka kathumba kolemera kaja, kokokera chingwe chachikulu m'mwamba, usangokondwa ndi mphanda iliyonse imene kakola. Funa mphanda yamoyo, ya masamba obiriwira, yonenepa masentimita 15 kapena kuposa, ndipo chingwe chitsamire kuthunthu. Ukaphonya, tsitsa uponyenso, ngakhale bwana akuyang'ana wotchi. Chingwe chachikulu chikadutsa, usathamangire kukwera. Itana mnzako mulendewere nonse awiri muli pansi pomwepo, mugwedeze mwamphamvu, makutu ali m'mwamba. Mukamva kulira kwa mtengo, sakani mphanda ina.

Pali china chimene anyamata ambiri sachidziwa. Ukamanga chingwe patsinde n'kukwerera mbali inayo, mphanda ya pamwamba imasenza pafupifupi kawiri kulemera kwako, chifukwa ikukokedwa uku ndi uku. Nthambi imene ikanakunyamula utamangirira pomwepo ikhoza kuthyoka pamangidwe amenewa. Ndipo chingwe cha patsindecho, wa tcheniso (macheka a injini) asachiyandikire.

Kumeneko mulinso mdani amene ife sitinalimbane naye. Kachikumbu kotchedwa shot hole borer kanapezeka ku Pietermaritzburg mu 2017, ndipo kawononga mitengo yambiri mu Johannesburg, makamaka London plane, oak ndi box elder. Kamaboola tinjira mkati n'kusiyamo nthenda youmitsa mtengo. Kamachita ngati nankafumbwe m'chimanga: kunja njere ili bwinobwino, mkati muli ufa. Usanaponye kachingwe, zungulira mtengo wonse. Ukaona timabowo ta milimita imodzi, madontho onyowa pakhungwa, kapena utuchi wosalala patsinde, nthambi zake usazikhulupirire. Yang'ananso bowa patsinde, ming'alu pamphanda, ndi njuchi kapena mavu. Mawaya a magetsi akadutsa m'nthambi, mtengowo usaukwere mpaka eni magetsi azimitse, ndalama ichuluke bwanji.

Chingwe chikhale chokwerera anthu, cha mamilimita 11 mpaka 13, chosatamuka kwambiri. Chimene mumatsitsira zipika usakwerepo, olo tsiku limodzi. M'mawa uliwonse uchidutse m'manja kuyambira kunsonga mpaka kunsonga. Zala zimapeza pofewa, potupa ndi popsa pamene maso aphonya. Usachisunge pamodzi ndi petulo kapena batire la galimoto. Kumapeto kwake manga mfundo, kuti potsika usapululuke nacho.

Zokwerera za mano zoluma chingwe zija, ya kuphazi ndi ya m'manja, n'zabwino, zimapulumutsa mapewa. Koma manowo amang'amba khungu la chingwe ukagwerapo mwadzidzidzi, choncho chingwe chapamwamba pako chisakhwefuke. Moyo wako ukhale pa mfundo yogwira chingwe, kaya Prusik kaya Distel, kapena pa chipangizo chopangidwira zimenezo. Ukakwera mita imodzi, ima. Khala m'hanesi, siya manja, uone ngati mfundo yagwira. Tsika pang'ono, uone ngati ikumasuka. Karabina ikhale yodzikhoma yokha, yofuna kuchita zinthu zitatu zosiyana kuti itseguke, ndipo uione ndi maso kuti yatsekadi, usangodalira kaphokoso kake. Helimeti umange lamba wa pachibwano.

Podula, khala womangika pawiri: chingwe chako ndi lamba wozungulira thunthu. Tcheniso imadula chingwe chokungika m'kuphethira kwa diso. Uigwire ndi manja onse awiri, ngakhale anzako atakuseka.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti maganyu ena umapita wekha Loweruka. Zimenezo usiye. Munthu akakomoka ali lende m'hanesi, magazi amadzadza m'miyendo, ndipo akhoza kutisiya pasanathe nthawi yaitali. Ambulansi ikafika imaima pansi. Pafunika munthu wodziwa kukwera, wokhala ndi zida zake pomwepo, amene munayeserapo limodzi kutsitsana. Ndikudziwa kuti kudziko la eni munthu umaopa kuyankha bwana, kuti ntchito ingathe. Ikatha, ubwere kuno tidzalime.

Undiyankhe sabata ino, undiuze amene angakutsitse pagulu lanulo. Ngati palibe, upeze mnzako mmodzi muphunzire nonse. Mayi ako akuti moni, ndipo achemwali ako ayamba mayeso Lolemba.

Ndine bambo ako.