Kudzimana chakudya ndi kumene kunkandidyetsa kwambiri

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe ambirife timangoyinong'ona, ya anthu amene tikufuna kuchepetsa thupi koma chibaba cha zakudya chikutigonjetsa. Ine ndimagulitsa kaunjika pa msika wa pa boma kuno ku Mangochi, ndili ndi zaka 43, ndipo chaka chatha nditapita kuchipatala ndi mutu wosatha anandipeza ndi BP yokwera, sikelo nkuwerenga makilo 94. Adokotala anangoti mayi chepetsani thupi, chepetsani mchere, wotsatira alowe. Sindikuwadandaula ayi, mzere unali wautali mpaka panja, koma kachepetsedwe kake ka thupilo palibe anandiuza.

Nde ndinachita zomwe ndinkaganiza kuti ndi zanzeru, ndinasiya kudya. Mmawa tiyi yekha, masana osalawa kanthu, ndikumadziuza kuti ndikulimba mtima. Koma amene mumaidziwa misika yathuyi mukudziwa kuti ikamakwana 3 koloko chiwaya chimakhala chili pamoto, fungo la chipisi ndi zigege likubwera ndi mphepo mpaka pabenchi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, iwe m'mimba muli pululu manja akuchita kunjenjemera. Ndinkayamba ndi kuti ndingogula kambale kamodzi, kenako nkuwonjezera, kenako Fanta wozizira, pofika kunyumba madzulo nsima mitanda 4 osamva nkukoma komwe, kumangomeza basi. Usiku wina ndinadzuka nkumakokota mkute wa mpunga mupoto, mumdima kuti ana asandione, nditamaliza ndinakhala pansi kukhitchini komweko nkulira. Miyezi 2 ya kuzunzika koteroko sikelo inakwera m'malo motsika.

Ndinagulanso timatiyi tochepetsa thupi tomwe amatsatsa pa WhatsApp tija. Ndalama zanga zinapita, chomwe ndinapeza ndi kutsegula m'mimba ndi chizungulire. Sikelo imatsika pang'ono inde koma amakhala madzi atuluka, mafuta ali pomwepo, ndipo kutentha kwa kunoku munthu kutaya madzi choncho ndi kuika moyo pachiswe.

Amene anandithandiza ndi kasitomala wanga wina, namwino, anabwera kudzasankha madiresi nkundipeza ndili wefuwefu. Nditamufotokozera anati asisi, vuto lanu si kususuka, mukulimbana ndi thupi lanu lomwe. Anati m'mimba mukakhala mopanda kanthu nthawi yaitali mumatuluka homoni yotchedwa ghrelin yomwe imauza ubongo kuti funa chakudya, ndipo njala ikafika pamenepo munthu salakalaka nkhwani, amalakalaka chamafuta ndi chotsekemera chifukwa ndi zomwe zimapereka mphamvu mwachangu. Anawonjeza kuti kusagona mokwanira kumakulitsa njala yomweyo, ine nkukumbukira mausiku otentha aja omwe timangotembenuka pamphasa mpaka tambala kulira. Ndinamva ngati anditula mtolo pamutu, chifukwa nthawi yonseyi ndinkadzitukwana ndekha kuti ndine wadyera.

Nkhani ya shuga ndi imene inandidzidzimutsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire masupuni aang'ono pafupifupi 12 a shuga patsiku, ndipo bola atakhala 6. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300 ml lili ndi masupuni pafupifupi 8. Ine mukapu yanga ya tiyi ndinkathira 4, kawiri patsiku, kuphatikiza botolo la masana lija, kuphatikizanso thobwa wothira shuga. Werengani nokha. Mafuta nawo, galamu imodzi ili ndi makalori 9 (makalori ndi muyezo wa mphamvu yomwe chakudya chimapereka m'thupi) pomwe ya ufa kapena shuga ndi pafupifupi 4 basi, nde utaka womwewo ukaumiza m'mafuta ndi ukauotcha pamakala ndi zakudya ziwiri zosiyana.

Pano ndimadya katatu, ndipo sindichita manyazi kunena. Mmawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena mbatata yophika ndi dzira. Masana ndimanyamula kontena kuchokera kunyumba, mitanda 2 ya mgaiwa, ndiwo zamasamba zambiri kuposa nsimayo, kaya nkhwani kaya bonongwe kaya chisoso, ndi usipa wophika ndi tomato kapena nyemba. Ndimayamba ndi masambawo ndipo ndimadya pang'onopang'ono, poti uthenga woti wakhuta umachedwa kufika kuubongo, umatenga mwina mphindi 20, ukamameza mothamanga umadutsa pokhutira osadziwa. Ya 3 koloko ija ndimayidikirira ndili wokonzeka, muthumba muli mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi, nthawi ya mango ndi mango limodzi kapena awiri osati beseni, ndi botolo la madzi pambali, chifukwa pena chomwe timati njala ndi ludzu chabe. Fungo la chiwaya likandigwira ndimanyamuka nkukayendayenda kumzere wa ogulitsa zitenje, pobwera chibabacho chimakhala chazirala. Chipisi sindinachilumbire ayi, ndimadya Loweruka kambale kamodzi, nditakhala pansi, poyera. Kabaza ndinachepetsa, mmawa kusanatenthe ndimawoloka mlatho wa Bakili Muluzi wapansi, kwinaku ndikuona asodzi mu Shire.

Masiku ogwa alipo. Pa ukwati wa mwana wa achimwene ndinadya mpunga wa nyama mbale ziwiri ndi zakumwa ndipo mawa lake maganizo oti ndisadye tsiku lonse pobwezera anabwera, koma ndinadziwa kuti ndi msampha womwe uja, ndinangophika phala langa ngati masiku onse. Panopa ndili pa makilo 85, patha miyezi 10, pang'onopang'ono choncho, BP nayo yayamba kumvera ngakhale mankhwala ndikumwabe. Ndipo a matenda a shuga amene muli pa mankhwala chonde musamadumphe chakudya mwa inu nokha, shuga akatsikitsa munthu amakomoka, kafunseni kaye kuchipatala.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi pakamwa pa anthu. Kwathu kuno ukanenepa amati banja likukuyanja, geni ikuyenda. Ukangotsika pang'ono manong'onong'o ayamba, mwawaona amayi aja mmene athera, akayezetse. Mnzanga wina wa pamsika pomwepa anayamba bwinobwino kuchepetsa thupi koma anasiya dala nkubwerera ku mandasi, chifukwa anthu anayamba kumuloza zala kuti ali ndi kachilombo. Kalankhulidwe kameneka kamapweteka awiri, wochepetsa thupiyo komanso abale athu amene alidi pa ma ARV omwe sanalakwire munthu. Kunyumba nako, ukapita kwa apongozi nkudya mitanda 2 amakhumudwa, amati mwanyoza nsima yanga, kapena mukuopa kuti ndakuthirirani mankhwala? Ine ndinachita kugwada nkuwauza kuti amayi, ndiwo zanu zimandikomera, koma achipatala andiuza kuti ndikapitiriza chonchi sitiroko ikundidikira. Anakhala chete, ulendo wotsatira anandiphikira therere ndi chambo chootcha, osandikakamizanso.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 pa 100 aliwonse m'Malawi muno ndi onenepa kupyola muyezo, nde sitili ochepa ayi. Kusikelo ya ana timaphunzitsidwa za magulu 6 a zakudya ndipo ndi zabwino, koma maphunzirowo amalunjika pa mwana wonyentchera, ife akuluakulu a BP ndi shuga timangouzidwa kuti chepetsani. Pa intaneti napo akungokamba zakudya za kunja zomwe pamsika wathu palibe, olo zitapezeka mtengo wake sitingaukwanitse.

Pempho langa kwa inu akonzi, tipatseniko danga m'nyuzi muno, muitane akatswiri a kadyedwe atifotokozere m'Chichewa, nkotheka ndi m'Chiyao momwe, pogwiritsa ntchito zomwe timaphika: mitanda ingati ndipo yokula bwanji, mafuta masupuni angati mupoto wa banja la anthu 6, chinangwa ndi mpunga tizidya motani, ndipo munthu achite chiyani njala ya usiku ija ikamudzutsa.

Ine wanu,
Mayi wa kaunjika,
Mangochi