Khothi linagamula, koma BP ya achemwali anga ikukwerabe

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko mu nyuzipepala yathuyi, mwina akuluakulu a makhothi ndi a zaumoyo amva.

Banja la achemwali anga linatha mu 2022. Alamu anangonyamula chikwama basi ulendo, pano ali ndi mkazi wina kutauni. Kwathu ndi kwa chikamwini, nde mukudziwa kale, ana atatu onse anatsala ndi mayi awo. Ankhoswe anakhala pansi bwinobwino, anagawa mapoto, matilesi, njinga, mpaka wailesi inakanganitsa anthu ola lathunthu, koma zofika pa ana anangoti "bambo azithandiza" nkhani kuthera pomwepo.

Mwezi wathawu achemwali anagwa. Linali tsiku la banki mkhonde, azimayi ali pa mkeka akuwerenga masheya, iwo ndalama yobweza ngongole inali itaperewera ndipo usiku wonse sanagone, anangoti "mutu wanga" kenako khu pansi. Tinathamanga nawo pa kabaza. Anesi atayeza BP anapukusa mutu nkuyezanso mkono winawo. Malangizo ake eti muchepetse mchere, muzigona mokwanira, musamaganize kwambiri. Anesiwo sanalakwe ayi, koma ine ndinayang'ana pansi. Munthu amadzuka 3 koloko kukanda mandasi, utsi uli m'maso, 6 koloko ali kale pamsewu ndi ndowa pamutu, akabwerako lendi, fizi ya mwana wa Fomu 2, wamng'onoyo malungo, ndiye asaganize bwanji? Mankhwala tinauzidwa kuti atha, tikagule ku famase. Tsiku lina ndinawapeza akudula pilisi pakati ndi lezala kuti afike nawo kumapeto kwa mwezi. Ndipo nsima ikachepa mumva "idyani ana inu, ine ndadya kale", chonsecho chikhalireni m'mawa angomwa tiyi wopanda shuga.

Malamulo alipo, zimenezo sindikukana. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limanena kuti udindo wolera mwana ndi wa makolo onse awiri ndipo khothi likhoza kulamula kholo kuti lizipereka chithandizo. Achemwali anapitadi kukhothi, majisitireti anagamula K40,000 pa mwezi. Alamu anapereka miyezi iwiri. Wachitatu foni osayankha, wachinayi nambala yasintha. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 pelesenti, ufa wa mandasi, mafuta ophikira, sopo, zonse zinakwera, koma chigamulo chija chikadali K40,000 yomweyo, yoti sikubweranso nkomwe. Kukatsatira nkhani kukhothi ndi minibasi kupita ndi kubwera, tsiku limenelo geni yaima, ukafika akuti mwamunayo sanabwere mubwerenso tsiku lina. Pano anangotopa nazo.

Ena muziti nanga iwe mwini mbumba ukutani. Zoona, kale ana a mlongo wako anali ako, malume ndiye ankaona zonse. Ine ndimayesetsa, ka thumba ka chimanga, makope, koma nanenso ndili ndi anga anayi ndipo ndimadalira maganyu a zomangamanga. Mwambo unawachotsera azibambo ena katundu nkuwusenzetsa malume amene masiku ano alibe kanthu, mapeto ake zonse zikugwera pa mutu wa mayi. Mtukula Pakhomo, uja anayambira ku Mchinji mu 2006, amafuna mabanja ovutikitsitsa opanda munthu wogwira ntchito, achemwali amaoneka amphamvu zawo ndiye dzina lawo silinalowemo.

China chondiwawa ndi pakamwa pa anthu. Kutchalitchi akuti limbani mtima mayi, pa mjigo akuti analephera banja. Munthu akanena kuti tulo sakuliona, mtima ukuthamanga, akungolira yekha, timati ndi maganizo chabe, ngati maganizo si matenda. Ukatchula zokaonana ndi alangizi a za maganizo, kaya ku chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God, amakuyankha kuti ine sindinapenge.

Pempho langa, a khothi, bambo akakhala pa ntchito ndalama ya ana izidulidwa ku malipiro konko, isamadikire chifundo chake, ndipo wozemba azisakidwa ndi khothi osati mayi. A zaumoyo, ku sikelo mukamaliza kuyeza mwana muzimuyezako BP mayiyo, ndi kumufunsa ngati akugona, ngati akudya.

Achemwali anatuluka m'chipatala Lachinayi. Lachisanu ndinadutsa kukawaona cha m'ma 5 koloko m'mawa, ndinapeza mafuta ali kale pamoto.

Malume wodandaula,
Lunzu